Douglas Bader, Msilikali Wouluka Wopanda Miyendo

Ngozi

Douglas Bader anabadwira mumzinda wa London ku Britain pa 21 Febuluwale 1910. Ali ndi zaka 18, analowa sukulu ya asilikali oyendetsa ndege ku Cranwell. Luso anali nalo ndithu, koma anali wamakani ndi wokonda kudzionetsera.

Pa 14 Disembala 1931 anaulutsa ndege pafupi kwambiri ndi nthaka, n'kumaitembenuza kuti anthu amuone. Malamulo ankaletsa zimenezi. Phiko linagunda pansi, ndege n'kuphwanyika. Madokotala anamudula miyendo yonse iwiri: wakumanja pamwamba pa bondo, wakumanzere m'munsi mwa bondo.

Kuphunziranso kuyenda

Anamupangira miyendo yachitsulo. Ankati akaponya phazi, agwe. Akadzuka, agwenso. Zipsera zinkatupa ndi kupweteka, koma iye anakanitsitsa kugwira ndodo mpaka anayamba kuyenda yekha. Anaphunziranso kuyendetsa galimoto, ndipo atamuyesa anaonetsa kuti ndege akhoza kuiulutsabe. Komabe mu 1933 akuluakulu anamupumitsa usilikali. Apa sanamuchitire chilungamo, pakuti anayang'ana miyendo osati luso. Anakalowa ntchito ya mu ofesi pa kampani ya mafuta.

Nkhondo

Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itabuka mu 1939, oyendetsa ndege anafunika kwambiri, ndipo Bader anamulola kubwerera. Ankayendetsa ndege za Spitfire ndi Hurricane. Mu 1940 anamuika kukhala mtsogoleri wa gulu la nambala 242, limene ambiri mwa anthu ake anali ochokera ku Canada. Anagwetsa ndege za Germany zoposa 20.

M'manja mwa adani

Pa 9 Ogasiti 1941 ndege yake inawonongeka ali m'mwamba ku France. Pofuna kudumpha, mwendo wachitsulo wakumanja unakodwa m'ndegemo. Lamba womangira mwendowo ataduka, iye anatsika ndi parachuti, mwendo n'kutsalira. Ukanakhala mwendo weniweni, bwenzi atafera momwemo.

Asilikali a Germany anamugwira, koma analola kuti a Britain amuponyere mwendo wina kuchokera m'ndege. Bader sanakhazikike. Kuchipatala cha ku Saint-Omer analumikiza nsalu zofunda n'kutsikira pa zenera usiku. Anagwidwanso. Chifukwa chothawathawa, mu 1942 anakamutsekera m'ndende yolimba ya Colditz, kumene anatuluka mu Epulo 1945.

Nkhondo itatha

Anabwerera ku kampani ya mafuta ija ya Shell. Ankayendera anthu oduka manja ndi miyendo m'zipatala, kuwalimbitsa mtima, ndipo mu 1976 Mfumukazi Elizabeth inamupatsa ulemu wa Sir chifukwa cha ntchito imeneyi. Koma tisabise: pa ndale ankayankhula mokomera boma la azungu la Ian Smith ku Rhodesia, limene linkapondereza anthu akuda. Pamenepo analakwitsa.

Anamwalira pa 5 Seputembala 1982 ali ndi zaka 72.