Silojizimu

Silojizimu ndi njira ya kaganizidwe imene munthu amatenga mfundo ziwiri n'kutulutsamo yachitatu, yomwe singakhale yabodza ngati ziwiri zoyambazo zili zoona. Woyamba kuifotokoza mwadongosolo anali Aristotle wa ku Greece (384–322 BC), m'buku lake lotchedwa Prior Analytics.

Chitsanzo ndi ichi: nsomba zonse zimakhala m'madzi; chambo ndi nsomba; choncho chambo chimakhala m'madzi. Mawu akuti "nsomba" ndiwo alumikiza mfundo ziwirizo, ndipo sapezekanso m'mfundo yomaliza.

Pofunika kusamala ndi apa: kulondola kwa kaganizidwe n'kosiyana ndi kuona kwa mfundo. Wina akati mbalame zonse zimauluka, nthiwatiwa ndi mbalame, choncho nthiwatiwa imauluka, kaganizidwe kake kayenda bwino ndithu. Bodza lili m'mfundo yoyambayo, pakuti si mbalame zonse zimene zimauluka.

Cholakwa chofala kwambiri, ngakhale pakati pa anthu ophunzira, ndicho kuganiza chobwerera m'mbuyo. Mvula ikagwa bwalo limanyowa, inde. Koma kupeza bwalo lonyowa sikutsimikiza kuti mvula yagwa. Mwina wina wakhuthulirapo madzi otsukira mbale. Chimene tinganene mosakayika n'chakuti ngati bwalo silinanyowe, mvula sinagwe.

Mu 1854 George Boole wa ku England anasindikiza buku lofotokoza malamulo a kaganizidwe mwa masamu. Masamu akewo ndiwo maziko a mmene makompyuta amagwirira ntchito lero.