Dar es Salaam pamutu pa mtengatenga

Ku Dar es Salaam ndidapita ngati wonyamula zikwama, osati ngati bwana wokaona malo. Alamu anga, mayi wa geni ya zitenje ndi nsapato, adati mwamuna wongokhalira kulemba ndakatulo zosagulitsika angathe kuthandizako kusenza katundu. Sindidatsutse. Tidakwera basi pa Mzuzu, kudutsa Karonga, kuoloka Songwe, kenaka Tukuyu, Mbeya, Iringa, Morogoro, mpaka tidatulukira kunyanja ya mchere miyendo itachita dzanzi.

Dzuwa la kumeneko, abale anzanga, si lamasewera. La ku Nsanje likhoza kupitako kukaphunzira ntchito. Koma dzuwa lomwelo ndilo limakoka alendo a ndalama zawo. Amenewo amakapitidwa mphepo ku Coco Beach, kapena kukwera maboti kupita pa tizilumba ta Bongoyo ndi Mbudya, kukadya nsomba zootcha n'kubwerako madzulo. Ena amalawirira kumsika wa nsomba wa Kivukoni, ena amajambula matchalitchi awiri omwe Ajeremani adamaliza kumanga cha m'ma 1902, cha Azania Front ndi cha St Joseph. Zonsezo nzabwino ndithu, ndipo zina ndidakaziona. Koma Mmalawi akati "ndinali ku Dar," musamufunse za zilumba. Akunena ku Kariakoo.

Kariakoo ndi dera la msika lomwe lilibe malire ooneka. Sitolo pamwamba pa sitolo, anthu ali pikitipikiti, ndipo pakati pa chipwirikiti chonsecho pamadutsa anyamata osenza mabelo pamutu ndi ena okankha ngolo, akukuwa kuti muwapatse njira. Alamu akhala akupita kumeneko zaka zambiri, koma nditawafunsa tanthauzo la dzinalo adangoti, "Alamu, ine ndimabwera kudzagula nsalu, osati maina."

Dzinalo si lachiswahili. Pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, Angerezi atalanda mzindawu kwa Ajeremani mu September 1916, adaika pamalopo msasa wa gulu la onyamula katundu wa asilikali lotchedwa Carrier Corps. Lilime la anthu lidapinda mawuwo mpaka kukhala Kariakoo. Kuno kwathu anthu a ntchito imeneyo tidawatcha amtengatenga, ndipo nkhondoyo agogo athu ankaitcha ya Chiwaya.

Nkhondoyo kunoko idamenyedwa m'tchire mopanda misewu, kumene kashembe ankapha ng'ombe ndi akavalo. Choncho ufa, zipolopolo, mahema ndi mabokosi a azungu zidayenda pamutu pa munthu. Dziko la Nyasaland lokha lidapereka amtengatenga pafupifupi 200,000, pomwe ovala yunifolomu ya Keyala adali pafupifupi 19,000. Ambiri sadapite mofuna. Mafumu ankalamulidwa kupereka anthu, ndipo amuna ankagwidwa m'midzi usiku. Chomwe chidapha ambiri si chipolopolo ayi, koma njala, kamwazi, malungo ndi chibayo. John Chilembwe adaziona zikubwera pomwe adalembera kalata nyuzipepala ya Nyasaland Times kumapeto kwa 1914, kudandaula kuti amphawi akukafera nkhondo ya eni ake.

Ndisakunamizeni: amtengatenga athu ambiri sadagone pa msasa wa Kariakoo. Iwo adalowera ku Karonga, kukwera mapiri a ku Tukuyu, kuloza ku Iringa ndi Songea. Mwina mwazindikira kale kuti mbali ina ya njirayo ndi yomwe ija tidadutsa pa basi, ine ndikudandaula za mpando wouma.

Tsiku lachiwiri ndidazemba alamu n'kupita pakati pa mzinda, pamphambano ya msewu wa Samora, pomwe paima chipilala cha Askari chomwe chidatsegulidwa mu 1927. Pamwamba pali msilikali wachikuda, mfuti m'manja, mpeni wa mfutiyo utaloza kudoko. Iyeyo ndiye amajambulidwa ndi alendo. Amtengatenga aliponso, koma muyenera kuoloka msewu mozemba magalimoto ndi kuyandikira kuti muwaone, pakuti ali m'munsi, pa zithunzi zosema za m'mbali mwa chipilalacho. Ngakhale pa chikumbutso, iwo ndiwo ali pansi, msilikali pamwamba. Dzina la munthu palibepo ngakhale limodzi.

Pamalo omwewo padali kale chiboliboli cha Hermann von Wissmann, mkulu wa asilikali a Ajeremani yemwe adathetsa kuukira kwa anthu a m'mphepete mwa nyanjayi cha m'ma 1889. Angerezi adachichotsa, pambuyo pake chidakaimikidwa ku Hamburg, komwe ophunzira a pa yunivesite adachigwetsa m'zaka za m'ma 1960. Dzinali a ku nyanja yathu alikumbukira, chifukwa sitima ya Ajeremani yomwe Guendolen idaiwombera ku Liuli mu August 1914 inkatchedwa Hermann von Wissmann.

Mzinda wa Dar es Salaam si wakale kwenikweni. Adauyamba ndi Sultan Majid wa ku Zanzibar cha m'ma 1865, pafupi ndi mudzi wa asodzi wa Mzizima, ndipo iye atamwalira mu 1870 ntchito idaima. Udadzuka pomwe Ajeremani adasamutsirako likulu lawo mu 1891, kulichotsa ku Bagamoyo. Tsono wofuna kuona mayi wobala mzindawu ayenera kupita ku Bagamoyo, mtunda wa makilomita ngati 70 kumpoto, ulendo wopita mmawa n'kubwerako dzuwa lisanalowe.

Bagamoyo ndi tauni yogona tulo. Nyumba zamiyala zikugumuka, zitseko zosema zikudyedwa ndi chiswe, asodzi akusoka maukonde pamchenga. Chapafupi, ku Kaole, kuli mabwinja a mizikiti ndi manda a zaka mazana ambiri. Komatu m'zaka za m'ma 1800 pano ndi pomwe pankathera njira yaikulu ya malonda yochokera ku Ujiji kudzera ku Tabora. Minyanga ya njovu inkafika pano pamapewa a anthu. Mnyamata wotiperekeza adati dzinali likuchokera ku mawu oti "bwaga moyo," kutula mtima pansi, pakuti m'Chiswahili moyo ndi mtima. Ena amati ankanena choncho ndi akapolo otaya chiyembekezo, ena amati ndi onyamula katundu opumira m'mwamba ulendo utatha. Kwa khutu la Mchewa, kutula moyo kumamveka moopsa kuposa zonsezo. Akapolo ochokera kwathu, kwa Jumbe ku Nkhotakota ndi kwa mafumu achiyao, ambiri sankadzera pano. Njira yawo inkathera ku Kilwa, kummwera.

Chomwe chidandiimitsa nthawi yaitali ndi kansanja ka pa mishoni ya Akatolika, yomwe idayamba mu 1868. Amakatcha Livingstone Tower, chifukwa mtembo wa David Livingstone udagona m'katchalitchi ka pamenepo mu February 1874. Mwini dzina sadaione nsanjayo. Adafera kwa Chitambo, m'dziko lomwe lero ndi Zambia, mu May 1873. Anthu ake adakwirira mtima wake patsinde pa mtengo, thupi n'kuliumitsa ndi mchere ndi dzuwa, kulikulunga m'nsalu ndi khungwa, kulimangirira ku mtengo, ulendo. Miyezi isanu ndi inayi, makilomita oposa 1,500. Atafika ku Tabora adakumana ndi Mngerezi wina, Verney Lovett Cameron, yemwe adawalangiza kuti angouika mtembowo pomwepo. Adakana. Kutsogoloko, poona kuti anthu a m'midzi sakufuna maliro adutse m'dziko mwawo, adaumanganso mtembowo kuti uzioneka ngati belo la nsalu.

Otsogolera ulendowo adali Abdullah Susi ndi James Chuma. Chuma ndi mwana wakwathu, Myao, yemwe adamasulidwa m'goli la akapolo mu 1861 kumapiri a m'dera la Blantyre, n'kukakhala pa mishoni ya Magomero ali kamnyamata. Atatula katundu wawo pa Bagamoyo, sitima yankhondo idatenga mtembo kupita nawo ku Zanzibar, onyamulawo n'kupatsidwa malipiro awo, basi, kwatha. Pamaliro ku Westminster Abbey pa 18 April 1874 Susi ndi Chuma padalibe. Adafika ku Britain mwambo utatha kale. Ndidamufunsa mnyamata uja ngati mu Bagamoyo alendo amafunsako za Chuma. Adaseka, nati ambiri amangofuna chithunzi ataima pansanja.

Ndidabwerera ku Kariakoo madzulo ndipo ndidapeza alamu atakwiya, mabelo anayi ali pakhonde la sitolo. Adali pamkangano ndi bambo wina wa imvi, nkhata ili kale pamutu, za mtengo wonyamulira katundu kukafika pokwerera basi. Alamu pa nkhani ya mitengo ndi chilombo. Ndidawanong'oneza kuti angomupatsa zomwe watchulazo.

"Mwagwa m'chikondi ndi Mswahili, alamu? Ngati muli ndi chisoni senzani nokha."

Tidagwirizana kuti bamboyo atenge atatu pamtengo wake, lachinayi ndisenze ine. Ndidafika nalo pangodya yachiwiri, khosi lidakana, ndipo adachita kubwerera kudzanditula.