Mlingo wa mankhwala kwa oikidwa maselo opanga magazi

Wodwala khansa ya m'magazi akaikidwa maselo opanga magazi ochokera kwa munthu wina, chitetezo chobwera ndi maselowo chimatha kuukira khungu, chiwindi ndi matumbo ake. Vutoli madokotala amalitcha GVHD, ndipo likakula limapha.

Pofuna kulipewa, wodwalayo amapatsidwa mankhwala ofooketsa chitetezo cha m'thupi, makamaka cyclosporine kapena tacrolimus. Koma mlingo woyenera sufanana kwa anthu onse. Mankhwalawa akachepa m'magazi, GVHD imabuka. Akachuluka, amawononga impso, amachititsa kuthamanga kwa magazi, ndipo matenda ena amalowa mosavuta.

N'chifukwa chake madokotala amawerengera mlingo woyamba potengera kulemera kwa wodwala. Kenaka amamuyeza magazi pafupipafupi, nthawi yomwera mankhwala itangotsala pang'ono kukwana, ndipo zotsatira zake n'zimene zimawauza kuti aonjezere kapena achepetse.

Chibadwa nachonso chili ndi gawo. Anthu ambiri amene makolo awo ndi a ku Africa kuno ali ndi CYP3A5 m'chiwindi, chinthu chimene chimaphwanya tacrolimus msanga, choncho kawirikawiri amafunika mlingo wokulirapo kuposa azungu ambiri.

Mankhwala ena amasokonezanso mlingowu. Rifampicin, wochiza TB, amachepetsa tacrolimus m'magazi, pamene fluconazole ndi madzi a manyumwa zimamuchulukitsa. Motero wodwala ayenera kuuza dokotala za mankhwala alionse amene akumwa, ngakhale azitsamba. Zikayenda bwino, mlingo umatsitsidwa pang'onopang'ono pakapita miyezi ingapo mpaka kusiyiratu.