Mapanga a Cango: Chuma cha Pansi pa Nthaka Chimene Chikutha Pang'onopang'ono

Mapanga a Cango ali m'tsinde mwa mapiri a Swartberg, pa mtunda wa makilomita pafupifupi 30 kumpoto kwa tauni ya Oudtshoorn, m'chigawo cha Western Cape ku South Africa. Ndi amodzi mwa malo akale kwambiri okopa alendo m'dzikolo. Zipinda ndi mipita yake imatalika kupitirira makilomita anayi, koma alendo amaloledwa kuona gawo limodzi lokha mwa magawo anayi.

Mmene anapangikira

Mapangawa ali m'miyala ya laimu. Madzi a mvula akamalowa m'nthaka amasakanikirana ndi mpweya wa carbon dioxide ndipo amasanduka asidi wofooka, amene kwa zaka mamiliyoni ambiri anasungunula mwalawo m'ming'alu yake mpaka kusiya zipinda zikuluzikulu. Madzi ataphwa, madontho ochokera kudenga anayamba kusiya timibulu ta laimu. Timibuluti ndi timene tinaumba miyala yolendewera kudenga ndi ina yomera pansi ngati zipilala. Chipilala chotchuka cha Cleopatra's Needle n'chotalika mamita pafupifupi 9, ndipo akatswiri amati chinatenga zaka zoposa 150,000 kuti chifike pamenepo. Chimene munthu angathyole m'kanthawi kochepa sichingamerenso iye ali moyo, ngakhale m'nthawi ya zidzukulu zake.

Eni ake oyamba

Nkhani yotchuka imati mlimi wina, Jacobus van Zyl, ndiye anatulukira mapangawa m'chaka cha 1780, ndipo chipinda choyamba, chotalika mamita oposa 90, chimadziwika ndi dzina lake. Komabe anthu anali atakhalapo kale pakhomo pa phangali kwa zaka masauzande ambiri. M'chaka cha 1930 A.J.H. Goodwin, katswiri wofukula zakale wa pa yunivesite ya Cape Town, anakumba pakhomopo ndi kupeza zida zamiyala. Pamakoma a pakhomo pomwepo anthu a mtundu wa San anasiya zithunzi. Zojambula zotere, zomwe utoto wake kawirikawiri unkachokera ku dothi lofiira ndi makala, zimapezeka m'madera ambiri a kum'mwera kwa Africa, monga ku Tsodilo ku Botswana, ku Matobo ku Zimbabwe ndi kumapiri a Drakensberg. Ku Malawi, malo a Chongoni m'boma la Dedza analowa m'kaundula wa UNESCO wa chuma cha dziko lonse m'chaka cha 2006 chifukwa cha zithunzi zake za pamiyala.

Zithunzi za ku Cango sizinachite mwayi wotero. Popeza zili pamene aliyense amadutsa polowa, zambiri zinafufutika kapena kuwonongeka, ndipo zotsala n'zochepa komanso zosaoneka bwino.

Lamulo la 1820

Mbiri ya mapangawa itafala, alendo anayamba kuthyola miyala kuti akasunge kwawo, ena kulemba maina awo pamakoma, pamene utsi wa miuni ndi makandulo unkadetsa denga. M'chaka cha 1820 bwanamkubwa wa Cape, Lord Charles Somerset, anakhazikitsa malamulo oletsa kutenga kanthu m'phangamo, oika chindapusa kwa owononga ndiponso ndalama zolowera. Ambiri amati limeneli ndi lamulo loyamba loteteza zachilengedwe ku South Africa. M'chaka cha 1891 Johnny van Wassenaer anakhala woyamba kulembedwa ntchito yoperekeza alendo, ndipo anaigwira kwa zaka 43.

Vuto la masiku ano

Kuthyola miyala kunachepa, koma kuchuluka kwa anthu kumabweretsa vuto lina losaoneka msanga. Mpweya umene alendo amapuma umawonjezera carbon dioxide m'phangamo, ndipo ukakumana ndi chinyontho umadya miyala. Kutentha kwa matupi ndi kwa magetsi kumaumitsa makoma, kuwala kumameretsa ndere, ndipo mafuta a m'manja amadetsa mwala wokhudzidwa. Zoimbaimba zimene zinkachitikira m'chipinda cha Van Zyl kuyambira m'ma 1960 zinaletsedwa m'chaka cha 1994 chifukwa cha kuwonongeka kwa malowo.

Umboni wa kusiyanaku uli m'phanga lomwelo. M'chaka cha 1972 operekeza alendo anaboola mpita wotsekeka ndi kupeza gawo lotchedwa Cango II, ndipo m'chaka cha 1975 gawo la Cango III linapezekanso. Magawo awiriwa sanatsegulidwe kwa anthu wamba, choncho miyala yake idakali yoyera ndi yonyezimira, kusiyana ndi ya m'gawo loyamba.

Mapangawa amayang'aniridwa ndi khonsolo ya Oudtshoorn, ndipo ndalama za alendo zimathandiza tauniyo pamodzi ndi ulimi wa nthiwatiwa. Alendo amalowa m'magulu okhala ndi woperekeza, ndipo amasankha pakati pa ulendo wamba wa m'zipinda zazikulu ndi ulendo wovuta wodutsa m'mipata yopanikiza, monga wa Devil's Chimney. Kwa oyang'anira, funso lalikulu ndi la chiwerengero cha anthu amene phangali lingalandire popanda kutaya chimene anthuwo amabwera kudzaona.