MicroRNA: tinthu tating'ono tomwe timawongolera magazi anu

Tsiku lililonse thupi lanu limapanga maselo atsopano a magazi mabiliyoni ambiri. Onsewa amachokera ku maselo ochepa okhala m'mafuta a m'mafupa, otchedwa ma stem cell. Ali ngati mbewu yosungidwa: ambiri amakhala chigonere, ena amadzuka n'kubala maselo ofiira onyamula mpweya, oyera olimbana ndi matenda, ndi oundanitsa magazi mukavulala.

Kodi microRNA n'chiyani?

Majini anu amatumiza uthenga wouza selo mapuloteni oti lipange. MicroRNA ndi kachidutswa kakafupi zedi komwe kamamatirira pa uthengawo n'kuutsekereza, motero puloteniyo imachepa. Victor Ambros ndi Gary Ruvkun anatulukira zimenezi pa kanyongolotsi mu 1993, ndipo mu 2024 analandira mphoto ya Nobel.

M'mafupa mwanu, tinthuti timathandiza selo kudziwa nthawi yogona, yochulukana ndi yokhwima. Mwachitsanzo, miR-126 imagonetsa ma stem cell.

Zikasokonekera

Leukemia, khansa ya m'magazi, imayamba maselo osagwira bwino ntchito akachulukana mosaletseka n'kupanikiza abwinobwino. Mu 2002, George Calin ndi Carlo Croce a ku America anapeza kuti odwala ambiri a mtundu wa leukemia wotchedwa CLL alibe miR-15 ndi miR-16 zokwanira. Ziwirizi zimachepetsa BCL2, puloteni yoteteza selo ku imfa. Zikasowa, selo lomwe limayenera kufa limangokhalabe. Mankhwala a venetoclax, omwe anavomerezedwa ku America mu 2016, amatseka puloteni yomweyi.

Pa mtundu wina, AML, miR-126 ikachuluka imagonetsa maselo oyambitsa khansayo. Mankhwala ambiri a khansa amapha maselo omwe akuchulukana, choncho ogonawo amapulumuka, ndipo matenda angathe kudzayambiranso.

Nanga inu muchitepo chiyani?

Mankhwala osintha microRNA mwachindunji akadali pa kafukufuku, koma leukemia imapezeka poyeza magazi. Pitani kuchipatala ngati inu kapena mwana wanu mukutopa kosalekeza, m'manja mwayera, mukumva kutentha thupi pafupipafupi, mukutuluka magazi m'nkhama kapena m'mphuno, kapena muli ndi zotupa m'khosi ndi m'khwapa. Zina mwa zizindikirozi zimafanana ndi za malungo. Ngati ayeza malungo osawapeza, kapena mwamaliza mankhwala koma simukupeza bwino, bwereraniko mukafunse zoyeza kuchuluka kwa maselo a magazi. Leukemia si yopatsirana, ndipo mitundu ina, makamaka mwa ana, imachizika wodwala akalandira chithandizo chonse.