Mlandu wa Nyanja Yopatulika ya ku Taos

M'mapiri a New Mexico, ku United States of America, muli kanyanja kochedwa Blue Lake. Mtsinje wocokera m'menemo utsikira ku mudzi wa Taos Pueblo, kumene kukhala mtundu wina wa eni dziko la America, m'nyumba zadothi zosanjikizana zimene makolo ao anamanga Azungu asanafike. Madzi ao akumwa ndi omwewo. Koma kwa iwo nyanjayo iposa citsime, pakuti akhulupirira kuti mtundu wao unaturukira m'menemo, ndi kuti mizimu ya akufa ibwerera komweko. Caka ndi caka, m'mwezi wa August, akwera phiri kukacita mapemphero amene mlendo saloledwa kuona.

M'caka ca 1906 Pulezidenti Theodore Roosevelt analowetsa dziko lonselo m'nkhalango ya Boma, osafunsa akuru a mudzi, osalipira kanthu. Alendo anayamba kufika kudzawedza nsomba ndi kumanga misasa pa malo a mapemphero. Mu 1940 Boma linapatsa anthu a Taos kalata ya zaka 50 yowalola kugwiritsa nchito mbali ya dzikolo, koma ulamuliro unatsala m'manja mwa akapitao a nkhalango. Mwini nyumba anasanduka wopempha pakhomo pace.

Mu 1946 Boma linakhazikitsa bwalo lapadera, Indian Claims Commission, lomva madandaulo a mitundu yolandidwa dziko. Anthu a Taos anatula mlandu wao kumeneko mu 1951, ndipo anadikira zaka 14. Mu 1965 bwalo linagamula kuti dziko linali laodi, ndi kuti linatengedwa mosalungama.

Apa ndi pamene panali msampha. Lamulo linapatsa bwalolo mphamvu yolipira ndarama zokha, osati yobweza dziko. Ndipo mtundu wolandira ndaramazo unali kutseka mlandu wace kosatha. Mitundu yambiri, pokhala yosauka, inalandira, ndipo palibe angaidzudzule. Akuru a Taos anakana. Iwo pamodzi ndi loya wao, William Schaab, anatenga cigamulo cija ngati umboni, napita naco ku Congress, Nyumba ya Malamulo, imene yokha inali ndi mphamvu yobweza dziko.

Kumeneko nchito inakula. Aphungu ena anafuna kuti akuruwo afotokoze miyambo yao, kuti kudziwike ngati afunadi mapiri onsewo. Koma miyamboyo ndi ya cinsinsi, ndipo kuiulula kukadakhala kuononga cinthu comwe anadzera kudzaciteteza. Paul Bernal, mlembi wa bwalo la akuru, anamasulira mau ao m'Cingerezi zaka zambiri, kunena zokwanira kukopa aphungu koma osapyola malire. Senator Clinton Anderson wa ku New Mexico komweko anatsutsa kolimba, poopa kuti mitundu yina nayo idzakana ndarama ndi kufuna dziko. Potsiriza mkuru wa mapemphero, Juan de Jesus Romero, nkhalamba ya zaka ngati 90, anapita iye mwini ku Washington kukapempha.

Mu July 1970 Pulezidenti Richard Nixon analengeza kuti mitundu ya eni dziko iyenera kudziyendetsera zinthu zao, nachula Blue Lake monga colakwa coyenera kukonzedwa. Mu December aphungu a Senate anabvomera, 70 kutsutsana ndi 12, ndipo pa 15 December Nixon anasaina lamulo lobweza maekala 48,000. Panali patapita zaka 64. Lamulolo linati dzikolo lisungidwe monga cipululu cosakhudzidwa, ndipo lero munthu wosakhala wa mtunduwo safika ku nyanjayo.

Mu 1975 kunadza lamulo lina lolola mitundu kuyendetsa yokha masukulu ndi zipatala zimene kale Boma linali kuwayendetsera. Koma cidutswa ca maekala 764, m'mene mupita njira yakale ya ku nyanja, cinatsalabe m'manja mwa Boma kufikira 1996.