Masiye

Mawu akuti masiye amachokera ku mneni kusiya. Mwana wamasiye wasiyidwa ndi makolo, mayi wamasiye wasiyidwa ndi mwamuna, ndipo chuma chamasiye ndi chimene malemu wasiya. Chodabwitsa n'chakuti pa zitatuzi, chuma ndicho sichisowa wochisamala.

Ku Chitipa, kumene mtundu umatsata kuchimuna ndipo mkazi amalowoledwa, mawuwa amalemera kwambiri. Bambo wa ku Misuku akatsikira kulichete, munda wa khofi, ng'ombe ndi nyumba yamalata kale zinkaonedwa ngati za abale ake, mayi wamasiye n'kungotsala ndi mapoto. Lamulo la chuma chamasiye la 2011 linatembenuza zimenezi: munthu akamwalira wosalemba wilo, oyamba kuganiziridwa ndi mkazi kapena mwamuna wake ndi ana, ndipo kulanda chumacho ndi mlandu.

Wiloyo ndi kalata yonena za kagawidwe ka chuma, yosainidwa ndi mwini wake pamaso pa mboni ziwiri. Akuluakulu ambiri amaiopa, ati kuilemba n'kudziitanira imfa. Ine ndimaona kuti ndi mpata wokhawo woti mwini munda alankhule pa tsiku limene amalume ndi alamu akhala pabwalo kugawana zake.